Kalata yochokera ku Edinburgh: tiyi wa ku Thyolo m'khitchini ya apaulendo

Kwa abale ndi anansi a ku Thyolo,

Pakati pa achinyamata a ku Ulaya pali chizolowezi choyenda m'mizinda ya maiko ena atabereka chikwama chimodzi kumsana, osati pofuna ganyu kapena pothawa njala, koma pofuna kuona dziko asanamangike ndi ntchito ndi banja. Ambiri amagona m'mahositelo, omwe ndi nyumba zotsika mtengo kumene mlendo amalipira bedi lokha m'chipinda chogonamo anthu angapo osadziwana, n'kumadziphikira m'khitchini ya onse. Hositelo yoyamba yokhazikika anaitsegula mphunzitsi Richard Schirrmann ku Altena, m'dziko la Germany, mu 1912.

Mzinda wa Edinburgh, likulu la Scotland, umadzaza ndi apaulendo otere makamaka mu Ogasiti, pa chikondwerero cha zisudzo cha Fringe chimene chinayamba mu 1947. Wolemba kalatayi, yemwe anakulira m'makomboni a m'maesiteti a tiyi ndipo tsopano akugwira ntchito ku Scotland, waona kuti ubwenzi wa anthuwa suyambira pa msewu wotchuka wa Royal Mile kapena pa phiri la Arthur's Seat, kumene aliyense amatanganidwa ndi kujambula zithunzi, koma m'khitchini madzulo, pamene wa ku Brazil, wa ku Poland ndi wa ku Korea akudikirira ketulo imodzi ndi kubwerekana mchere. Pamenepo funso loyamba limakhala la kumene munthu akuchokera, ndipo dzina la Thyolo, limene pafupifupi onse sanalimvepo, limasanduka nkhani yaitali akauzidwa kuti mwina masamba ali m'kapu mwawo anathyoledwa kumeneko.

Kunena zimenezi si kudzitama, chifukwa dziko la Britain lakhala likugula tiyi wambiri wa ku Malawi, amene amakondedwa kaamba ka kufiira kwake ndipo amasakanizidwa ndi wa maiko ena, kotero kuti paketi ikafika m'sitolo kawirikawiri dzina la Thyolo silioneka. Chodabwitsa n'chakuti mbewuyi inachokera mumzinda womwewu, pakuti tiyi woyamba anafika ku mishoni ya Blantyre mu 1878 kuchokera ku munda wa zomera wa Royal Botanic Garden wa ku Edinburgh, ndipo esiteti ya Satemwa anaiyambitsa Maclean Kay, wa ku Scotland, mu 1923. Ngakhale pangano la mgwirizano wa Scotland ndi Malawi la mu 2005 analisaina Jack McConnell, mtsogoleri wa boma la Scotland panthawiyo, pamodzi ndi Bingu wa Mutharika, mwana wa ku Thyolo. Choncho mlendo wochokera kumeneko safika ku Edinburgh chimanjamanja, ngakhale m'thumba mwake mutakhala mopepuka.

Komabe kungakhale kunama kunena kuti onse okhala patebulopo n'ngofanana. Mnyamata wa ku France kapena Germany amadutsa malire a maiko ambiri a ku Ulaya popanda womufunsa, chifukwa cha pangano la Schengen limene linachotsa zipata pakati pawo, pamene Mmalawi amayamba wapempha viza, yomwe ndi chilolezo cholowera m'dziko, n'kuonetsa zikalata za kubanki ndi umboni woti adzabwerera kwawo. Kusiyanaku kumakula nkhani ikafika pa chifukwa choyendera. Makolo a anthu ambiri a ku Thyolo, makamaka Alhomwe, anayenda wapansi kuchokera ku Mozambique kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 pothawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwera m'thangata, lomwe linali lamulo logwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi. Ana awo anapita kumigodi kudzera ku Wenela, ndipo zidzukulu zikukwerabe mabasi a ku Joni. Anthu amenewa anadziwa kalekale kugawana kamba ndi munthu wosamudziwa, koma palibe anautcha ulendo wawo kuti tchuthi.

N'chifukwa chake wolembayu sapeputsa ubwenzi wa m'hositelo, komanso saukweza mopitirira. Wambiri umatha mmawa sitima ikanyamuka pa siteshoni ya Waverley, n'kutsala nambala ya WhatsApp imene posakhalitsa imaiwalika. Umene umalimba ndi wa anthu amene anamvetsera mpaka kufunsa kuti mayi wobereka dengu m'mizere ya tiyi nyengo ya mvula amalandira zingati masamba ake akakwera pa sikelo ya kapitawo, ndipo ena mwa otere amadzafikadi ku Malawi, kukwera phiri la Mulanje ndi kuyenda m'minda ya Thyolo.

Achinyamata a ku Luchenza, Makwasa ndi Bvumbwe amene akulakalaka ulendo wa ku Ulaya ayambe afunsa agogo awo mbiri ya maesitetiwa, ndipo mlendo wa chikwama kumsana akatsika minibasi pa boma la Thyolo, amulandire n'kumufotokozera mbiriyo yonse, ya thangata yomwe.