Nkhuli ya ku Philadelphia pa chiwaya cha pa Mdeka

Amene nkhuli inamugwirapo amadziwa kuti si njala. Munthu atha kukhuta nsima ya nandolo mpaka kumasula lamba, koma kukhosi kukuitanabe nyama. Tsono pali nkhuli ina imene imagwira munthu ali kutali ndi kwawo. Iyo sifuna nyama wamba ayi, imafuna yakutiyakuti, yophikidwa mwakutimwakuti, ndipo mankhwala ake sapezeka pamsika wapafupi.

Mu 2019 nkhuli yotereyi inagwira mnyamata wina wa ku America amene ankaphunzitsa masamu pa sekondale ina yoyendera kwathu kuno ku Mdeka. Aphunzitsi a mtundu wake si achilendo m'dziko muno. Akhala akubwera kuyambira 1963, ndipo mmodzi mwa oyambirirawo, Paul Theroux, amene ankaphunzitsa ku Soche Hill, anapitikitsidwa mu 1965 atalowerera ndale za nthawi ya Kamuzu. Wathuyu za ndale analibe nazo ntchito. Nsima ankaitema ndi manja, thelele ankalitapa osadontheza, Chichewa chake chinali chopindika koma chomveka. Anapirira chaka ndi miyezi iwiri. Kenako tsiku lina madzulo, tili pakhonde la golosale kuonerera malole opita ku Zalewa, anangoti, "Achimwene, ine ndikufuna cheesesteak. Ndikapanda kudya ndidwala."

Anandifotokozera. Kwawo ndi ku Philadelphia, ndipo chakudya chimenechi ndiye mbendera ya mzindawo. Cha m'ma 1930 anyamata awiri apachibale, Pat ndi Harry Olivieri, a m'banja lochokera ku Italy, ankagulitsa masoseji m'mbali mwa msewu. Akuti tsiku lina masosejiwo atawakola anagula nyama ya ng'ombe, kuidula mopyapyala, kuikazinga ndi anyezi, ndi kuiika m'banzi lalitali. Woyendetsa takisi wina anamva fungo napempha kuti amupangire yake. Tchizi anadzawonjezera pambuyo pake. Lero a kumeneko amalola mitundu itatu yokha: provolone, American, ndi wina wamadzimadzi wotchedwa Cheez Whiz. Mu 2003 John Kerry, akufuna mpando wa pulezidenti, anafika pa Pat's King of Steaks ndi kuitanitsa tchizi wa Swiss, ndipo manyuzipepala anamuseka ngati mlendo amene wapempha supuni pa nsima ya apongozi.

Ine nditamva zonsezi ndinati, "Si kanyenya wa m'buledi ameneyu?" Anandiyang'ana ngati ndanyoza amayi ake.

Tinayamba ndi nyama, ndipo mavuto anayambira pomwepo. Iye ankafuna mnofu wa pamsana pamwamba pa nthiti, umene mafuta ake amalowerera m'kati mwa nyama. Anajambula ng'ombe papepala ndi kuzungulitsa malowo ndi cholembera, tinanyamula pepalalo kupita nalo pamsika wa Lirangwe. Koma butchala wa kwathu sadziwa kuti ng'ombe ili ndi maboma. Ng'ombe ikapachikidwa pa mbedza yonse ndi nyama, chikwanje chimagwa paliponse, ndipo pa kilo iliyonse pamakhala fupa, kachidutswa ka chifu ndi mafuta pang'ono kuti wina asadandaule kuti anamukondera mnzake. M'menemo muli chilungamo chake, musaseke. Madala aja anayang'ana pepalalo nthawi yaitali.

"Tsono aphunzitsi, mukatenga mnofu wokhawokha, mafupawa ndigulitse kwa yani?"

"Abambo, ndiwonjezera ndalama."

"Ndalama si vuto. Akabwera amayi aja a lesitilanti n'kupeza mafupa okhaokha, mukawayankha ndinu?"

Tinagwirizana kuti tigule makilo awiri monga mwa masiku onse, kuphatikiza mafupa, koma chikwanje chigwe pamene pali chizindikiro. Mafupawo ndinapita nawo kunyumba ine, ndipo sindinadandaule.

Ng'ombe ya kwathu ndi ya linunda, yoyenda mtunda kufuna msipu ndi madzi, ndipo nthawi zambiri imaphedwa itakalamba kapena itatopa ndi ngolo. Nyama yake ndi yokoma kuposa ya ng'ombe zonenepetsedwa m'khola, koma imafuna moto wa maola atatu, osati mphindi zitatu. Apa anatithandiza ndi amayi anga, amene nkhani yonseyi ankaiona ngati masanje a anthu akuluakulu. Anaikulunga m'masamba a papaya oswanyaswanya ndi kuisiya usiku wonse, poti utomoni wa papaya umafewetsa nyama. Kutacha tinakaipempherera malo mu firiji ya mu botolo sitolo, pakati pa mabotolo a mowa, chifukwa kuti nyama idulike mopyapyala ngati pepala iyenera kuyamba yauma ndi chisanu. Mpeni tinanolera pa mwala wa kuseri kwa nyumba.

Buledi sanativute kwenikweni. Wa ku Philadelphia ndi wautali, wofewa m'kati koma wolimba khungu kuti msuzi usaboole. Ife tinali ndi mabanzi aja otchedwa Obama, ndipo mnzangayo anati dzina lokhalo likukwanira.

Tchizi ndiye anatiyendetsa. Ng'ombe zamkaka zilipo ku Thyolo, ku Chiradzulu ndi ku Bvumbwe, koma mkaka wathu timamwera mu tiyi kapena kuusasitsa chambiko. Tchizi si chakudya chathu, ndipo amene amapezeka m'masitolo akuluakulu a m'tauni wambiri amachokera ku South Africa. Tinakwera minibasi kudutsa Lirangwe ndi Lunzu mpaka mu Blantyre, provolone osamupeza, tinagula cheddar. Kachidutswa kosadzaza dzanja kanadya ndalama yoposa ya nkhuku yamoyo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene akudziwa kutentha kwa ku Mdeka andimvetsa. Pofika kunyumba tchiziyo anali atachita thukuta ngati ife tomwe.

Chimene chinandisangalatsa ine ndi chiwaya. Mnzangayo ankadandaula kuti alibe chitsulo chafulati chimene amakazingira kwawo, koma titafika kwa mnyamata wa tchipisi wa pa siteji anaima chilili. Chitsulo chake ndi chomwechi, kungoti chathu chili ndi dzenje la mafuta pakati ndipo pansi pake pamayaka nkhuni. Mnyamatayo anasunthira tchipisi chake mbali imodzi. Anyezi anayamba, kenako nyama, ndipo mzungu uja anagwira zitsulo ziwiri n'kumaiduladula ili pamoto, manja akuthamanga ngati wang'oma. Sindinamuonepo akuchita chinthu mwachangu chotero. Anayala tchizi pamwamba, kudikira kuti asungunuke, kuvundikira ndi Obama wong'amba pakati, ndi kutembenuza kamodzi n'kamodzi.

Anthu anali atatizungulira: akabaza, amayi a tomato, ana a sukulu ake omwe. Analuma. Anatafuna nthawi yaitali, maso ali ku msewu.

"Bwanji aphunzitsi?"

"Si imeneyi," anatero. "Koma ili pafupi."

Anadya ziwiri. Ine ndinadya imodzi, ndipo kunena zoona inali yokoma, kungoti inkasowa tsabola wa kambuzi. Anthu anaseka kwambiri atamva mtengo wa tchizi, wina mpaka anati azungu ndalama zimawayabwa.

Ine kuseka kunandikanika, chifukwa sabata yomweyo ndinali nditapita ku Wenela kukapereka katundu kwa kondakitala wa basi ya ku Joni: ufa woyera wokwana ndowa yaing'ono, usipa wouma, mfutso wa nkhwani ndi nsinjiro. Mkulu wanga ankagwira ntchito m'sitolo ya mmwenye ku Mayfair mu Johannesburg. Ufa kumeneko ndi wosasowa, uli m'sitolo iliyonse, koma iye ankati nsima yake ndi yopanda mzimu. Ufa wathu chimanga chake amachikonola, kuchiviika masiku angapo mpaka chiyambe kafungo kowawasa, kuchitsuka, kuchigayitsa ndi kuyanika pa mphasa. Kafungo kameneko ndi kamene ankalipirira ndalama ya basi yoposa mtengo wa ufawo. Dzina loti Wenela lomwelo ndi la bungwe limene linkalemba agogo athu ntchito ya m'migodi, mpaka Kamuzu analetsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi 74. Njira ya nkhuli imeneyi ndi yakale.

Komabe nkhuli ziwirizi sizinali zofanana. Mnzanga wa ku America anakazinga yake pa siteji, masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akumuchemerera. Mkulu wanga usipa wake ankaukazinga atatseka chitseko ndi mawindo, chifukwa fungo la usipa limaulula kumene munthu akuchokera. Anali kumeneko mu Epulo 2015 pamene alendo ankasakidwa ku Durban ndi ku Johannesburg, boma lathu mpaka kutumiza mabasi kukatenga anthu ake. Za mu Meyi 2008, pamene anthu 62 anaphedwa, anangozimva kwa amene anamutsogolera, koma zinamukwanira.

Nditamuuza zimenezi mnzanga uja, anakhala chete, kenako anandiuza nkhani ina ya kwawo. Moyang'anizana ndi Pat's pali malo ena otchedwa Geno's Steaks, amene anatsegula Joey Vento mu 1966. Mu 2006 malowa anatchuka dziko lonse chifukwa cha chikwangwani chimene mwini wake anaika pawindo, chouza ogula kuti pano ndi pa America, aziitanitsa chakudya m'Chingerezi. Nthawi imeneyo m'deralo munali mutadzaza anthu ochokera ku Mexico. Taganizani, owerenga: chakudya choyambitsidwa ndi ana a anthu obwera, mwini malo nayenso mdzukulu wa obwera, koma n'kumaopseza obwera anzake a m'mbuyo. Chikwangwanicho anadzachichotsa mu 2016, mwini wake atamwalira kale.

Mu Malichi 2020 matenda a korona atavuta, mnzangayo anatengedwa pamodzi ndi anzake onse, ndipo pasanathe sabata anali kwawo. Ananditumizira chithunzi ali ndi cheesesteak yeniyeni m'manja, pansi pake atalemba kuti akusowa thelele. Mkulu wanga anatsekeredwa ku Joni, sitolo itatsekedwa, mabasi atasiya kuyenda. Miyezi yonse ija ankadya nsima yopanda mzimu ija, pamene yapezeka.

Anabwerera mu 2022, ndi chikwama chimodzi ndi wailesi. Amayi anamuphera tambala, kumuphikira nsima ya ufa woyera ndi chisoso chotendera, anadya mitanda isanu osayankhula. Patatha miyezi itatu ndinamupeza pa siteji, ataimirira pa chiwaya cha mnyamata uja, akulozaloza ndi manja. Ankafotokoza za kota ya ku Soweto: buledi woduka panayi, wokumba m'kati, n'kuthiramo tchipisi, poloni, dzira, tchizi ndi atcha wa mango.

Mnyamatayo anamvetsera mpaka kumapeto, anapukuta manja pa epuloni, ndi kunditembenukira.

"Bwana, tchiziyo mukagulanso ndinu?"