Zimene ndinaona mumtima mwa mwana wanga

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 9 pamene anadwala zilonda zakukhosi, kenaka n'kutupa mawondo. Kwathu kuno kwa Chikumbu ku Mulanje tinangoti ndi malungo, ndipo anachira. Patapita zaka 6 anayamba kuchita befu pochokera kumjigo, usiku osatha kugona osatsamira mapilo awiri.

Adokotala a kuno atamvetsera pachifuwa pake anatitumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko anamuunika ndi makina otchedwa eko, onga aja ounikira amayi oyembekezera. Ndinaona mtima wa mwana wanga ukugunda pa kanema, ndipo ndinangoti chamumtima, Subhanallah!

Adokotala anandifotokozera kuti mtima uli ndi zipinda 4 ndi mavavu 4, tizitseko toletsa magazi kubwerera m'mbuyo. Zilonda zakukhosi zija zikapanda kuchizidwa ndi penisilini, thupi polimbana ndi kachirombo limavulaza tizitsekoto. Kachitseko ka kumanzere ka mwanayo sikankatsekeka bwino.

Koma chimene iwo ankayeza kwenikweni chinali mphamvu ya mnofu wa mtima. Chipinda chachikulu cha kumanzere, chikakhala bwino, chimatulutsa magawo 55 mpaka 70 pa 100 alionse a magazi ake pa kugunda kulikonse. Kachitseko kakamadontha, mnofuwo umagwira ntchito yowirikiza, numafutukuka pang'onopang'ono munthu osamva kanthu. Kwa wodwala wotere, muyesowo ukatsika kufika pa 60 madokotala amayamba kukamba za opaleshoni, chifukwa mnofu ukalema kwambiri subwereranso ngakhale kachitseko katakonzedwa.

Anampatsa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi ndi jekeseni ya penisilini ya masiku 28 alionse, natiuza kuti tibwerenso pakatha miyezi 6. Befu lija linatha. Tsiku litayandikira, ndalama ya basi inasowa, ndipo mwanayo anati, "Ababa, ine ndachira, musavutike." Ndinatsala pang'ono kumvera.

Nditatuluka mu swala ya Jumu'a ndinawauza a Shehe. Anandikumbutsa kuti thupi ndi amana, chinthu chimene Allah watisungitsa, ndipo kufuna mankhwala sikutsutsana ndi kuyedzamira kwa Iye. Abale anasonkha ndalama pakhomo pa mzikiti pomwepo. Tinapita, ndipo eko inaonetsa kuti chipinda chija chakula pang'ono, koma mnofu udakali ndi mphamvu, Alhamdulillah. Tsono tikudziwa pamene tili, ndipo tsiku loyezanso ndalilemba pakalendala.

Abale anga a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mwana akadandaula kukhosi ndi kutentha thupi, mpititseni kuchipatala msanga. Ndipo amene anauzidwa kale za mavavu a mtima, asadikire kuti miyendo itupe. Akayezetse pa tsiku lake ngakhale akumva bwino. Allah atipatse tonse thanzi, Amin.