Alendo a M'matumbo Nawonso Amafuna Ndiwo

Kuno ku Lusaka cakudya cimaulula za m'thumba. Pasukulu pomwe ndiphunzitsa sayansi, mwana wobwera ndi buledi ndi poloni amadyera poyera, koma wa kandolo ndi nyemba amabisala kuseri kwa kalasi. Zimandipweteka, cifukwa atate aang'ono anamwalira ndi khansa ya m'matumbo akulu asanafike zaka 55, ndipo kucokera pamenepo ndawerenga zambiri za nthendayi.

M'matumbo mwathu muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo amadya zomwe mimba yalephera kugaya. Tikawapatsa madeya a mu mgaiwa, nyemba, cibwabwa ndi kalembula, amapanga butyrate. Ameneyu ndiye cakudya ca maselo a m'matumbo, amacepetsa kutupa, ndipo amathandiza kuti maselo oonongeka afe asanaculuke. Tikaculutsa mafuta ndi nyama, ciwindi cimatulutsa ndulu yambiri, ndipo mabakiteriya ena amaisandutsa asidi woononga khoma la matumbo. Palinso mitundu ina ya E. coli yomwe imapanga colibactin, poizoni woononga DNA.

Mu 2015 Stephen O'Keefe ndi anzake anafalitsa kafukufuku yemwe ndimaufotokozera ana caka ciliconse. Anthu akuda 20 a ku Pittsburgh anasinthana zakudya ndi anthu 20 a kumidzi ya KwaZulu-Natal kwa masabata awiri okha. Kwa a ku America butyrate anakwera ndipo kutupa kunatsika. Kwa a kumudzi, omwe anapatsidwa zamafuta, zinthu zinatembenuka. Caka comweco bungwe la WHO linaika soseji, poloni ndi nyama zina zokonzedwa m'mafakitale pagulu la zinthu zoyambitsa khansa.

Cakudya si cokhaco. Cibadwa, zaka, mowa, fodya ndi kunenepa zonse zili ndi mbali yake. Koma mbale ili m'manja mwathu, ndipo cimene tikucithawa poti "n'ca kumudzi" ndico matumbo akulira.

Ana anga a m'kalasi ndimawauza ziwiri. Coyamba, wa nyemba asacite manyazi. Caciwiri, akauze makolo kuti magazi m'cimbudzi, kuonda kosadziwika bwino, kapena kusintha kwa kapitidwe ka kucimbudzi kwa masabata angapo si nkhani yobisa. Khansa imeneyi ikapezeka msanga imaciritsika. Amaseka ndikachula cimbudzi, koma Lolemba lina mtsikana wina anabwera kudzandinong'oneza kuti amai ake apita kukapimitsa.