Mitambo Iwiri Yosagwetsa Mvula

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, alimi amakhalira kuyang'ana kumwamba kufuna mtambo wa mvula. Nanenso ndimayang'ana, koma mitambo imene ndimafuna ine sigwetsa ngakhale dontho. Ilipo iwiri, kummwera, ndipo imaoneka usiku wopanda mwezi cha m'ma 10 koloko, waung'ono pamwamba, waukulu m'munsi chakuvuma pang'ono. Mphepo siisuntha. Azungu anaitcha Magellanic Clouds potsata dzina la Ferdinand Magellan, amene ulendo wake wa panyanja unayamba mu 1519, ngakhale anthu a kummwera kwa dziko lapansi anali akuiona iye asanabadwe n'komwe.

Mitamboyi ndi milalang'amba. Mlalang'amba umene timaudziwa tonse, mzere woyera wodutsa pakati pa thambo uja, ndiwo mudzi wathu, ndipo dzuwa ndi nyenyezi imodzi chabe mwa mabiliyoni a mmenemo. Mitambo iwiriyi ndi midzi yoyandikana nafe. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, komabe kuchokera ku mtambo waukulu kumayenda zaka pafupifupi 160,000, ndipo kuchokera ku waung'ono zaka 200,000. Mu Febuluwale 1987 nyenyezi ina mu mtambo waukuluwo inaoneka itaphulika, anthu n'kuiona ndi maso okha. Nkhani ya malirowo inali itachedwa panjira zaka zonsezo.

Ntchito ya m'boma imandituma m'maboma akutali, ndipo m'chikwama changa, pansi pa mafailo, mumakhala magalasi oonera patali aja alenje amagwiritsa ntchito. Telesikopu ndilibe, malipiro athu mukuwadziwa. Anzanga akamapita kokacheza madzulo, ine ndimafuna malo amdima kuseri kwa resitihausi. Mlonda wina atandiona ndili chilili kwa ola lathunthu anandifunsa kuti, "Bwana, mwataya chiyani kumwambako?" Ndinamubwereka magalasiwo. Anakhala nawo nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndi utsi chabe, bwana."

Sananame. Amene waona zithunzi zamitundumitundu m'magazini amakhumudwa, chifukwa diso la munthu silisunga kuwala monga kamera. Mlalang'amba umaoneka ngati phulusa limene mwana wapaka pa nsalu yakuda. Pamafunika kudekha. Mukhale mu mdima mphindi 20 osayatsa foni, ndipo musauyang'anitsitse. Ponyani diso pambali pang'ono, pakuti m'mphepete mwa diso ndimo mumagwira bwino kuwala kofooka.

Usiku womwewo mukatembenukira kumpoto, m'munsi mwa nyenyezi zinayi zopanga bwalo langodya zinayi la Pegasus, chakumanja, pali Andromeda. Uwu ndimaukonda kuposa yonse. Uli pa mtunda wa zaka za kuwala 2.5 miliyoni, koma kumudzi, kumene kulibe magetsi, umaoneka popanda galasi lililonse. Katswiri wa ku Persia, Abd al-Rahman al-Sufi, anaulemba m'buku lake cha m'ma 964 monga kamtambo. Kwa zaka mazana ambiri palibe amene ankadziwa kutalika kwake. Muyeso unachokera ku mtambo wathu waung'ono wa kummwera uja. Mu 1912 Henrietta Leavitt wa ku Harvard anasonyeza kuti nyenyezi zina za mmenemo zimawala n'kuzilala motsatira nthawi, ndipo imene imatenga masiku ambiri ndiyo yowala kwambiri. Mu 1923 Edwin Hubble anapeza nyenyezi ya mtundu womwewo mu Andromeda, nawerengera, n'kupeza kuti uli kunja kwa Mlalang'amba wathu. Ife tili ndi mwayi umene a ku Ulaya alibe: timaona mitambo ya Magellan ndi Andromeda usiku umodzi, pongotembenuza khosi.

Chovuta ndi nyengo. Mu Okutobala mitambo ya mvula kulibe, koma utsi wa lupsa ndi fumbi zimadetsa thambo. Mvula ikagwa thambo limatsukika, koma usiku wowala umasowa. Mumzinda muli vuto lina: nyumba iliyonse ili ndi getsi loopseza akuba, ndipo sindingamunene munthu chifukwa cha zimenezo. Komabe ana anga anakula osaona Andromeda pakhomo pathu, kupatula masiku amene magetsi azima dera lonse. Anthu akamadandaula za nsima yosapsa, ine ndimatulutsa mpando panja mwakachetechete.

Ina imafuna magalasi ndithu. NGC 253, umene Caroline Herschel anaupeza mu 1783, umadutsa pafupifupi pamutu penipeni mu Novembala, wooneka ngati kandodo kopyapyala. M'miyezi ya Meyi ndi Juni, kumpoto kwa nyenyezi za mtanda wa kummwera, pali chimpira cha nyenyezi chotchedwa Omega Centauri. Chimenechi chili m'mudzi mwathu momwemu, koma mukakweza magalasi pang'ono pamwamba pake mupeza Centaurus A, umene James Dunlop anaupeza ali ku Australia mu 1826. Uli pa zaka za kuwala pafupifupi 12 miliyoni. Akuti pa telesikopu umaoneka wogawika pakati ndi mzere wakuda wa fumbi. M'magalasi anga ndi kadontho kofuwirira chabe, ndipo ndikapuma mwamphamvu dzanja limanjenjemera, iko n'kusowa.