Khoti mungalizembe, koma a msonkho ayi

Ntchito yanga ndi kulemba mawilo ndi kulongosola chuma cha masiye kuno ku England. Ambiri obwera ku ofesi kwanga ndi akwathu, anamwino ndi osamalira okalamba amene anagula nyumba kuno n'kumanganso ina ku Area 49 kapena ku Chirimba. Amafika atamva pa YouTube kuti ukaika chuma mu trust (kuchisungitsa kwa ena oti azichiyang'anira), ana sadzavutika ndi probate, chilolezo cha khoti chogawira chuma cha malemu.

Malangizowo ndi a ku America. Ku California probate imadya ndalama zambiri, ndipo trust yoti mwini atha kuithetsa salipirira msonkho poikhazikitsa. Kuno khoti linkalipiritsa £300 basi mu 2024.

Ndiye ndimatenga pepala, tiwerengere limodzi. Mukaika nyumba mu trust muli moyo, a HMRC, otolera msonkho kuno, amatenga 20 peresenti ya mtengo wopitirira £325,000 pomwepo. Pakatha zaka 10 zilizonse amabweranso, mpaka 6 peresenti. Mukapitiriza kugona m'nyumbamo osalipira lendi, lamulo limaiona ngati ikadali yanu, ndipo mukamwalira ilowa m'chuma chodulidwa 40 peresenti. Apa ambiri amangoti kakasi.

Chimene chimawawa kwambiri ndi nyumba ya kumudzi. Kale tinkatsutsana za kumene munthu amati ndi kwawo kwenikweni, ndipo woti adzabwerera ku Malawi anali ndi pothawira. Kuyambira pa 6 Epulo 2025 a msonkho amangowerenga zaka: mukakhala kuno zaka 10 mwa 20 zapitazi, chuma chanu chonse, cha ku Lilongwe chomwe, chili m'manja mwawo. Ngakhale mutalongedza n'kubwerera, msonkhowo umakutsatirani zaka 3 mpaka 10. Bambo wina anandifunsa kuti, “Nanga iwowa adziwa bwanji za ku Area 49?” Ndinati, “Bambo, wosayina mafomu ndi mwana wanu. Mukufuna aname ndi iyeyo?”

Trust sindiida. Kwa mwana wolumala, kapena m'banja la ana a mayi osiyana, imathandiza zedi. Koma kwa ambiri ndimalemba wilo ya kuno, ina alembetse kwa loya wa ku Malawi, poti malo amatsata lamulo la dziko limene ali, ndipo kumeneko kuli lamulo la chuma cha masiye la 2011. Yachiwiriyo ndimaumirira kuti ndiione asanasayine, chifukwa maloya tinazolowera kuyamba ndi mawu ofafaniza mawilo onse akale, ndipo mzere umodzi umenewo ungaphe wilo ya kuno.