Makina Akadzafika M'munda wa Tiyi, Ana Athu Adzadya Chiyani?



Zaka zino Ramadan ikugwa nyengo ya mvula, pamene tiyi amaphuka kwambiri. Ambiri a ife kuno ku Thekerani, ku Makwasa ndi ku Sandama tikangodya daku timalawirira ku esiteti, dengu kumsana, ndipo futali ya madzulo imachokera ku masamba amene manja athu athyola. N'chifukwa chake funso ili silikutichoka m'mutu: kodi ntchito imeneyi idzakhalapobe ana athu akadzakula?

Tiyi ndi wakale m'dera lino kuposa agogo athu. Anayamba kulimidwa ngati malonda ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenaka anafika ku Thyolo, ndipo esiteti ya Satemwa inayamba mu 1923. Makolo ambiri anabwera kudzafuna malo, ena kuchokera ku Mozambique, nagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa minda ya azungu. Thangata anatha, koma nthaka yabwino yambiri ikadali ya maesiteti. Mpaka lero, mvula ikagwa, maesiteti a Thyolo ndi Mulanje amakhala ndi antchito pafupifupi 50,000, ndipo chilimwe chikafika ambiri amauzidwa kuti akadikire kunyumba. Zaka zoposa 100 zonsezi, panali chinthu chimodzi chimene esiteti sinkatha kuchita popanda ife: kuthyola masamba awiri ndi kansonga kake.

Ku Kenya zimenezi zinasintha kale. Makampani akuluakulu a ku Kericho ndi ku Bomet amathyola ndi makina. Ena ndi onyamula pamanja, anthu awiri mbali ndi mbali, injini ikulira, mipeni ikumeta pamwamba pa tiyi, masamba akugwera m'thumba. Ena amayenda ndi matayala ngati thirakitala. Anthu masauzande ntchito inawathera, ambiri mwa iwo amayi, pakuti oyendetsa makina amakonda kulemba amuna. Mu May 2023 anthu a ku Kericho anakwiya naotcha makina angapo, mpaka kampani ya Ekaterra inaimitsa ntchito kwa kanthawi. Moto unazima, makina anabwerera m'minda. Akuluakulu amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tiyenera kumvetsa chimene chimakopa mwini esiteti. Tiyi wathu amagulitsidwa pa okishoni ku Limbe kapena kwa ogula akunja, ndipo amapikisana ndi wa ku Kenya ndi ku India. Mtengo wake sitiika ndife. Wochuluka mwa tiyi wa kuno ndi wophwanyidwa m'fakitale, wokasakaniza ndi wina n'kuikidwa m'timapepala tonyika m'kapu. Makina amadula masamba okhwima ndi timitengo tomwe, koma pa tiyi wa mtundu umenewu ogula ambiri amalolera. Makina sadwala, safuna nyumba ya pa esiteti, ndipo sapempha kuti malipiro akwere.

Zilipo zimene zikuwachedwetsa kuno. Choyamba ndi zitunda zathu: malo otsetsereka ngati a Thekerani thirakitala siyenda bwino. Chachiwiri ndi ndalama zakunja. Makina, mafuta ndi zipangizo zake amagula ndi madola, ndipo Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 zonsezi zinadula. Chachitatu ndi chowawa kuchinena: kuno munthu ndi wotchipa. Mu 2015 Tea Association of Malawi pamodzi ndi ogula tiyi akunja ndi mabungwe ena anayambitsa pulogalamu ya Malawi Tea 2020, kuti malipiro a wothyola tiyi afike pokwanira banja. Malipiro anakwerako, koma sanafike pamene ankafunapo. Apa ndiye pali msampha. Malipiro akakwera, makina amayamba kuoneka otchipa. Akakhala pansi, ntchito ilipo koma mphika sudzaza. Palibe kholo limene lingafune kuti chitetezo cha mwana wake chikhale umphawi wake womwe.

Makina ena sanafike n'komwe ku Thyolo, koma atilanda kale ntchito ali kutali. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inkalemba anthu masauzande ndipo inkagula thonje la alimi athu. Nsalu zotchipa zakunja ndi kaunjika zitadzaza misika inafooka, mpaka inagulitsidwa mu 2003. Ife Asilamu nkhaniyi timaidziwa bwino, chifukwa utelala ndi luso limene mabanja athu ambiri akhala akupatsirana. Kale masiku khumi omaliza a Ramadan telala ankagona pa mashini, kusoka mikanjo ndi madiresi a Idi. Lero mkanjo wosokedwa kale m'fakitale ya ku China umafika pa msika pa mtengo umene telala sangagulire ngakhale nsalu yokha. Beseni la pulasitiki lachita chimodzimodzi kwa woumba mbiya, woluka madengu ndi wokhoma zidebe.

Komabe tinene chilungamo: katundu wotchipa yemweyo watsegulanso makomo. Njinga zamoto za kabaza zimene zikuthamanga pa msewu wa Thyolo, Makwasa mpaka Thekerani zikudyetsa mabanja. Sola yatipatsa kuwala koti ana awerengere usiku. Pali anyamata okonza mafoni, amakaniko a njinga, ndi atsikana a m'tizigoba ta Airtel Money ndi TNM Mpamba. Ntchito zimenezi agogo athu sanazilote. Vuto lake n'loti zilibe tikiti ya pamwezi, zilibe penshoni, ndipo pa siteji imodzi pakadzaza njinga makumi awiri, aliyense amabwerera kunyumba ndi zochepa.

Dera lino laonapo kale ntchito ikutha mwadzidzidzi. Abambo ambiri ankadalira ulendo wa ku migodi ya ku Joni kudzera ku TEBA, ndipo khomo limenelo linatsekeka mu 1988. Nthochi za Thekerani zinkadzaza malole opita ku Limbe ndi ku Lilongwe, mpaka matenda a chisaka anapulula minda. Nthawi zonsezo anthu ankathawira ku esiteti. Nanga esiteti ikadzachepetsa antchito, tidzathawira kuti? Kumunda malo kulibe. Ndi kuchepa kwa malo komweko kumene kunachititsa kuti pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, isamutse mabanja a ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Mangochi ndi Machinga.

Timakhulupirira kuti riziki limachokera kwa Allah, koma chikhulupiriro chimenecho sichitiuza kupinda manja. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chokha chikuimba, ndipo tikuimva.

Inu ana asukulu, musathawe masamu ndi sayansi. Makina alionse amafuna wowakonza, wa magetsi ndi wowotcherera zitsulo, ndipo ndi bwino kuti munthuyo akhale wa konkuno osati wochokera ku Blantyre. Maphunziro a ntchito zamanja a TEVETA alipo, ndipo yunivesite ya MUST ili ku Ndata m'boma lathu lomwe lino kuyambira 2014. Tisanamizane, makina amachotsa anthu ambiri n'kulemba ochepa, choncho malo amenewo adzalimbiranidwa. Makolo, tisamuchotse mtsikana pasukulu poganiza kuti akathyola tiyi ngati mayi ake. Ntchito ya mayi akeyo ndi imene ili patsogolo kutha.

Ife amene tili m'minda, tilimbitse bungwe lathu la PAWU, kuti pokambirana malipiro pazikambidwanso za makina: adzabwera liti, adzaphunzitsidwe ndani kuwayendetsa, ndipo ochotsedwa adzapatsidwa chiyani. Kukambirana makina asanafike kuli ndi phindu kuposa kuwaotcha atafika. Alimi ang'onoang'ono a tiyi agwirane manja m'magulu, chifukwa tiyi wothyoledwa mosamala ndi manja, ngati wapadera amene Satemwa imapanga, ali ndi ogula ake amene makina sangawakhutiritse.

Amene Allah wawapatsa kangachepe, sadaka ya chaka chino isathere pa thumba la ufa lokha. Mashini osokera, bokosi la zipangizo za umakaniko, kapena fizi ya mwana mmodzi wa ku koleji ya ntchito zamanja zimadyetsa banja Ramadan zambiri zikubwerazi. Ndipo pokonzekera Idi, ngakhale chovala chimodzi chokha m'banja tikasoketse kwa telala wa pakhonde. Ndalama imeneyo imakagula ndiwo pa msika wathu womwe uno.

Allah alandire kusala kwathu, adalitse manja onse ogwira ntchito, ndipo awatsegulire ana athu makomo a riziki la halali. Ameen.