Mbewu Yosunga Wekha

Mlimi aliyense amadziwa kusiyana kwa mbewu ziwiri. Chimanga cha haibulidi umagula chaka ndi chaka. Cha makolo umasankha chokhwima bwino, n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe, ndipo ukafuna kugawirako mnansi palibe wokuletsa. Ine ndimaona kuti kusiyana komweku kuli m'makompyuta a m'sukulu.

Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu yomwe imaiyendetsa, ndipo popanda iyo makinawo ndi chitsulo chabe. Yotchuka ndi Windows ya kampani ya Microsoft. Iyi umalipira chilolezo choigwiritsira ntchito, koma malangizo amene anaipangira ndi chinsinsi cha eni ake, ndipo eniwo ndiwo amanena tsiku losiya kuisamalira, monga anachitira ndi Windows XP mu 2014. Ina ndi Linux, yomwe Linus Torvalds anayamba kulemba mu 1991 akuphunzira ku Helsinki. Malangizo a iyi ali poyera. Aliyense angathe kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira anzake. Mtundu wina wa Linux, umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mu 2004, unatchedwa Ubuntu, liwu lomwe ife timati umunthu.

Chimene chimandichititsa chidwi ndi zomwe zinachitika ku Kerala, chigawo cha kumwera kwa India. Kumeneko ntchito yophunzitsa makompyuta m'sukulu za boma inayamba mu 2001. Pakati pa amene anadandaula panali aphunzitsi kudzera m'bungwe lawo. Iwo sanaone chifukwa choti ndalama za msonkho zizigulira ana pulogalamu yomwe saloledwa kuisuzumira mkati. Mu 2006 boma la chigawocho linalengeza kuti sukulu zake za sekondale zisamukira ku Linux. Silinangolamula basi. Linaphunzitsa aphunzitsi, nawonso anaphunzitsa anzawo, ndipo linakonza Linux yakeyake yokhala ndi mapulogalamu a masamu, sayansi ndi chiyankhulo chawo cha Malayalam.

Apa ndiye pagona nkhani. Pasukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo tinalandira makompyuta a mphatso. Anakhala chaka chathunthu atafunditsidwa nsalu ngati odwala malungo, chifukwa panalibe mphunzitsi wodziwa kuwakonza akavuta. Linux ikanatha kuwadzutsa, pakuti mitundu ina ya iyo imayenda bwino pamakina akale. Koma mbewu, ngakhale yaulere, siidzidzala yokha.

Ena amati mwana wozolowera Linux adzasowa pogwira akakapeza Windows kuntchito. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, koma sindigwirizana nayo. Wophunzira njinga ya Humber salephera kupalasa ya Phoenix. Komanso pulogalamu yomwe inu a Fomu 4 mukuloweza lero idzakhala itasintha maonekedwe pomwe muzidzalembedwa ntchito. Chimene ndimafuna kuona ndi mtsikana wa Fomu 3 atatsegula pulogalamu, n'kupeza pomwe palembedwa mawu a Chingerezi, n'kuikapo a Chichewa, kenaka n'kukopera mnzake wa sukulu ya kutsidya kwa mtsinje popanda kuopa kuti waba.